Maminitsi Amene Ndinayenda Nawo M'maofesi

M'chipinda cha misonkhano munali mpando wathabwa pafupi ndi zenera, kudzanja lamanzere la a Dini. Pampandopo pankakhala wolemba maminitsi, ndiko kuti zimene msonkhano wakambirana ndi kugwirizana. Ndinausirira mpandowo kwa chaka chathunthu.

Munali m'zaka za m'ma 1990. Sukulu ya zaulimi ya yunivesite inali ndi famu yake kwathu ku Chongwe, ndipo pafamupo panali maofesi, makalasi, khola la ng'ombe zamkaka ndi minda yoyesera mbewu. A Dini, amene anali mkulu wa sukuluyo, masiku ena ankakhala ku Lusaka, masiku ena kuno. Mu ofesi yawo tinalimo makalaki awiri: ine, ndi mtsikana wina wa ku Lusaka amene ankandiposa ndi zaka zitatu kapena zinayi.

Ine ndinkachokera ku Nkomeshya pa njinga, mwendo wa thalauza nditaumanga ndi mphira kuti tcheni chisaudetse. Kutayipa ndinaphunzira ku mishoni, pa makina akale a mu ofesi ya parishi. Mtsikanayo ankatsika minibasi pamsewu waukulu atavala nsapato zoyendera m'fumbi, za mu ofesi zili m'chikwama. Ankanditchula kuti "ba Katekisiti" chifukwa ndinkamanga batani la pakhosi, ndiponso ndinkaimirira aliyense akalowa, ngakhale wodzangopempha kiyi.

Ntchito yanga inali kupukusa mapepala pa makina a sitensulo, kumata maenvulopu ndi kusunga mafayilo. Yake inali kulowa mu Bodi, msonkhano wa aphunzitsi onse umene unkagamula za mayeso ndi za nthawi ya maphunziro. Chitseko chikatsekedwa, ine ndinkatsala ndi foni. Ndinkamva kuseka kuseri kwa khoma, ndipo nthawi zina ndinkazindikira mawu ake pakati pa mawu a madokotala.

Maminitsi ake ndinkawapukusa ndine, choncho ndinkawawerenga mzere uliwonse, kufunafuna pamene walakwitsa. Tsiku lina ndinapeza liwu losowa chilembo chimodzi. Sindinamuuze. Ndinapukusa makope onse momwemo ndipo ndinakondwa tsiku lonse. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anaona. Loweruka ndinakalapa kwa ansembe, Lolemba ndinayambiranso kufufuza.

Chimene chinkandiwawa koposa chinali cha a Pulofesa, mkulu wa dipatimenti ya ziweto, bambo wachikulire wadazi amene anaphunzitsapo ngakhale a Dini. Bodi ikatha ankabwera kudzaima pa desiki ya mnzangayo, n'kumalankhula motsitsa mawu, iye n'kumaseka akupukusa mutu. Ine ankangondiponyera moni wa Chibemba, "Shani, mwana," akudutsa.

Tsiku lina a Dini anandiitana.

"Mnzako apita ku kosi mwezi wathunthu," iwo anatero. "Akabwerako amufuna ku ofesi yaikulu ku Lusaka, akamukweza. Bodi ya Lachinayi ulembe ndiwe. Tione ngati mpando uja ungaukwane."

Ndinathokoza kawiri, manja ali kumbuyo. Madzulo ake, akulongedza zinthu zake, mnzangayo anandiyandikira.

"Ba Katekisiti, mulembe chabe vamene agwirizana. Vokangana vao visiyeni, sivithandiza. Na chinangu, mukasiliza kulemba..."

"Ndikudziwa, ba sisi," ndinamudula, n'kuweramira fayilo ngati muli chinthu chofunika. Sindinafune kuti tsiku lina adzanene kuti anandiphunzitsa ndi iye. Anandiyang'ana pang'ono, anakweza mapewa n'kupita kukadikira minibasi.

Lachinayi ndinafika zipinda zisanatsegulidwe, mapensulo atatu osongoledwa ali m'thumba. Nkhani zambiri zinadutsa mosavuta. Inavuta inali ya nthawi imene ophunzira a chaka chachitatu azibwera kudzagwira ntchito zamanja pafamu. A Pulofesa ankafuna nyengo yozizira, msipu utauma, pamene ng'ombe zimadyetsedwa udzu wosungidwa ndipo manja amasowa kukhola. Mkulu wa dipatimenti ya mbewu, dokotala wachinyamata amene anali atangobwera kumene kuchokera kunja, ankafuna nyengo ya mvula, kuti ophunzira abzale ndi kupalira okha.

Anakangana nthawi yaitali m'Chingerezi chothamanga. A Dokotala anati sungaphunzitse munthu ulimi pa munda wa mapesi ouma. A Pulofesa anati ngati ndi choncho, aliyense wa m'chipindamo azibwera m'mamawa kudzakama ng'ombe yekha, ndipo iwo adzabwereka ndowa. Anthu anaseka, koma iwo sanaseke. Pamapeto a Dini anati akweze manja. Ambiri anakwezera nyengo ya mvula. Ndinaona ndi maso anga, ndipo ndinalemba momwemo m'kope langa.

Apa ndiyenera kunena za bambo anga. Kwa zaka zambiri anali mlembi wa bungwe la tchalitchi kwathu. Msonkhano ukatha Lamulungu, Lolemba ankakwera njinga n'kuyendera akuluakulu m'makomo mwawo, aliyense n'kumuwerengera mawu ake. Ankati munthu wamkulu amanena zina pagulu mtima uli m'mwamba, ndipo si ulemu kuzitsekera m'buku asanazimve ali yekha, mtima uli pansi. Wina akati, "Apo sindinatanthauze choncho," bambo ankafufuta n'kukonza. Anthu ankawayamikira chifukwa cha zimenezi, ndipo ine ndinakula ndikudziwa kuti mlembi wabwino amatero.

Mnzanga uja sindinamuonepo akuyendera aliyense ndi maminitsi. Ndinaganiza kuti ndapeza pamene ndingamupose. Ndinati m'tauni ulemu wotere saudziwa.

Ndinatayipa ndime ya nkhaniyo pa mapepala awiri oyera. Loyamba ndinapita nalo kwa a Pulofesa, chifukwa ndiwo anali aakulu. Ndinawapeza kukhola atavala majombo, akuyang'ana mwendo wa thole. Ndinadikira mpaka atasamba m'manja.

"Ndabwera kuti muone ngati ndalemba bwino mawu anu, bwana."

Anandiyang'ana n'kumwetulira. "Wakutuma ndani?"

"Palibe, bwana."

"Uyu mwana analeredwa," anauza wantchito wa kukhola. Kwa ine anati, "Tiye ku ofesi."

Anandipatsa mpando, chinthu chimene chinali chisanachitikepo. Anandifunsa za kwathu, za ng'ombe za bambo, ngati timazisambitsa mankhwala a nkhupakupa. Kenaka anatulutsa cholembera chofiira.

"Apa walemba ati tinagwirizana. Sitinagwirizane, mwana wanga. Manja aja anali ongoona maganizo a anthu. Lemba kuti nkhani yapita ku komiti, ndipo chaka chino tipitiriza monga kale."

Ndinkadziwa kuti palibe amene anatchula komiti. Koma anali munthu wa imvi, anali atandikhazika pampando, ndipo ankanditchula mwana wake. Potuluka anandigwira paphewa n'kunena kuti ofesi ya a Dini yapeza munthu tsopano. Ndinayenda mpaka ku minda mawu amenewo akundilira m'makutu.

A Dokotala ndinawapeza akuyeza mizere ndi chingwe. Anawerenga pepala lachiwiri ataimirira, dzuwa likuwawomba.

"Vili bwino," anatero. "Koma faka kuti viyamba chaka chino, manje manje, osati mailo. Faka futi kuti nkhani yasila, sizabwelanso mu Bodi. Ba mudala baja niwadziwa."

Anandibwezera pepala n'kunena kuti ndine wakhama. Sindinawauze za cholembera chofiira. Ndinaona ngati kungakhale kuneneza wamkulu.

Masiku awiri ndinakhala ndi mapepala awiriwo m'dirowa. Kutaya la a Pulofesa sindikanatha. Kutaya la a Dokotala sindikanathanso, pakuti ndilo linali pafupi ndi zimene ndinaona. Wofunsa panalibe. Woyenera kumufunsa ndi uja ndinamudula mawu. Pamapeto ndinatayipa zonse ziwiri, imodzi pansi pa inzake: kuti Bodi yagamula kuti ophunzira azibwera nyengo ya mvula kuyambira chaka chino ndipo nkhani yatha, ndiponso kuti nkhaniyo yapita ku komiti ndipo chaka chino zikhala monga kale. Ndinaziwerenga kangapo. Chilembo cholakwika munalibe ngakhale chimodzi.

A Dini anasaina ataimirira, galimoto ikuwadikira panja. Anazolowera kusaina za mnzanga osawerenga. Kope limodzi linapita ku ofesi yaikulu ku Lusaka, kumene ankakonza kalendala ya chaka ndi mabasi onyamula ophunzira.

Kalata yochokera kumeneko inafika sabata imene mnzangayo anabwerako ku kosi. Inali yaifupi. Inkafunsa kuti mwa zigamulo ziwirizo atsate chiti. A Dini anatiitana tonse awiri n'kutseka chitseko.

"Bweretsa kope limene unalembamo mu msonkhano."

Ndinalibweretsa. Sanaliwerenge okha, anapatsira mnzangayo. Ndinaima pamenepo ndikuyang'ana chala chake chikutsika pa zolemba zanga, monga ine ndinkachitira ndi zake.

"Muno vonse vili bwino, ba Dini," iye anatero. "Analemba mushe, kupambana na ine. Manja anakwezedwa, mvula inawina. Vinasokonezeka pambuyo."

"Pambuyo pake chinachitika n'chiyani?" a Dini anandifunsa.

Ndinafotokoza zonse, za kukhola, za ku minda, ngakhale za bambo ndi njinga yawo. Mawu ankatuluka pang'onopang'ono ndipo ndinkayang'ana pansi. Nditamaliza a Dini anavula magalasi n'kupukuta m'maso.

"Kwathu ku Katete atate anga ankachitanso chimodzimodzi," anatero. "Koma kuno si ku tchalitchi. Kuno munthu akaluza mu Bodi amayamba kufunafuna khomo lina lolowera. Iwe unamutsegulira, n'kumupatsanso moni."

Titabwerera ku madesiki athu ndinadikira kuti mnzangayo andiseke. Sanaseke.

"Ba Katekisiti, muganiza ba Pulofesa amabwela pa desiki yanga kuchita chani? Kunipatsa maswiti?"

Ndinaweramira mapepala anga, iye n'kupitiriza.

"Bodi iliyonse amabwela. 'Mwana wanga, chosako aka, fakako aka.' Ine nimaseka chabe, nati, 'Ba Pulofesa, mukakambe pa miting'i ikubwela, pamene bonse bazamvela.' Maminitsi sayenda ku munthu. Amachoka pa makina, apita kwa ba Dini, basi. Nicho nenze kufuna kukuuzani tsiku lija."

Ananena mofatsa, ndipo kufatsako kunandipweteka kuposa chipongwe. Chaka chonse ndinkaganiza kuti a Pulofesa amamukonda. Tsopano ndinaona kuti iye ankawakaniza, iwo n'kumachoka akumwetulira, n'kudzabweranso. Ine ndinawapatsa zonse zimene ankafuna, ndipo sabata imeneyo atakumana nane pakhonde anayang'ana kumbali.

Panaitanidwa Bodi yapadera. Analowa ndi iye, ine ndinatsala ndi foni. Tsiku limenelo kuseri kwa khoma kunalibe kuseka. Ndinamva mawu a Dokotala akukwera, akunena kuti wina wagwira maminitsi ndi manja akuda, ndi a Pulofesa akuyankha kuti kalaki anabwera yekha, iwo sanamuitane. Zinali zoona. Anakwezanso manja, mvula inapambananso, koma akulu awiriwo anatha miyezi osapatsana moni, ndipo makalata a pakati pa madipatimenti awo ankadzera kwa ife ngakhale maofesi awo anali oyang'anizana.

Sanandichotse ntchito. A Dini anati kulakwa kwanga kunali kwa ulemu, osati kwa chinyengo. Koma sabata yotsatira anandipatsa kalata yoti nditayipe, yopita ku ofesi yaikulu. Inkanena kuti chifukwa cha mmene zinthu zilili m'sukulu, sangathe kumasula mlembi wa Bodi chaka chimenecho, pakuti palibe wina amene angamusiyire ntchitoyo. Ndinaitayipa mosamala, ndinaika pepala la kaboni, ndinamata envulopu.

Mnzangayo atauzidwa anabwerera pa desiki yake. Anali atauza kale amayi ake kuti za minibasi ya m'mamawa zatha, azigwira ntchito pafupi ndi kunyumba. Malo aja ku Lusaka anapatsa munthu wina.

"Mwaona manje, ba Katekisiti," anatero osandiyang'ana. "Imwe mufuna kungena muja, ine nifuna kuchokamo. Tonse tankhala."

Ndinapepesa, ndipo kupepesako kunali kochokera mumtima. Anagwedeza mutu, koma kwa milungu ingapo ankandilankhula za ntchito zokha, ndipo dzina lija analeka kunditchula. Ndinadabwa kuona kuti ndikulisowa.

Ndikanakonda kunena kuti nsanje inathera pamenepo. Sinathe. Kope la kalata ija ndinaliika ndine m'fayilo, ndipo masana ena, ofesi ikakhala yopanda anthu, ndinkalitulutsa n'kuwerenganso mzere uja wakuti palibe wina amene angamusiyire ntchitoyo. Kwa iye mzerewo unali chitseko chotsekedwa, ndipo wochititsa ndinali ine. Ndinkadziwa zimenezo. Komabe ndinkauwerenga ndikulakalaka kuti tsiku lina munthu wina adzalembe mawu otero onena za ine.