Mkanda wofiira wobenthuka

Ku Kalingalinga amandidziwa kuti ndine mayi uja amaluma mikanda, ndipo sindikana. Ena amasonkhanitsa mapoto, ena miseche, ine ndimasonkhanitsa zodzikongoletsera zakale: ndolo, mphete, zibangili zamkuwa ndi mikanda. Golide ndimamuyesa ndi maginito amene ndinachotsa m'sipika yakufa, chifukwa chitsulo chongopakidwa utoto chimathamangira kukakakamira. Za mikanda ndimafunsa mano. Wagalasi umazizira pamlomo ndipo umalira ukaugunda padzino, pomwe wapulasitiki umangoti duu ngati mlamu wokwiya. Ukakhala wakaledi, chibowo chake chimakhala chodyeka ndi ulusi. Mwamuna wanga amandichenjeza kuti ndidzabenthula dzino ngati malemu atate ake, amene akuti anabenthula lawo potsegula botolo.

Apongozi anga, amayi ake a mwamuna wangayo, amakhala nafe, ndipo zonsezi ankaziona ngati misala ya munthu wokhuta. Iwo analibe chakale chilichonse. Amuna awo atamwalira, abale a malemu anasesa nyumba ya ku Chaisa maliro asanazizire, anatenga ngakhale bokosi lachitsulo la zovala. Kwathu anafika ndi Baibulo ndi chitenje chimene anavala. Za amuna awo sankatchula n'komwe. Zinkandimvetsa chisoni, ngakhale kuti ine ndi iwo sitinagwirizanepo pa nkhani ya mchere wa m'ndiwo.

Tsiku lina msuweni wa mwamuna wanga, mwana wa omwe anasesa aja, anandiimbira foni kuti akusamukira ku Kabanana, ndipo m'bokosi lina muli zinyalala za mtundu umene ndimakonda. Nditapita kukaona, pansi pa bokosilo, m'kansalu, munali chingwe chachitali cha mikanda yoyera, yakuda ndi yofiira. Ndinaigunda padzino pomwepo, mtima unangoti myaa. Inali yagalasi, zibowo zodyeka, ndipo umodzi wofiira wokulirapo unali wobenthuka pambali. Ndili m'minibasi ndinaupekera mbiri yoti unabenthuka pa ulendo wa amalonda akale ochokera kunyanja yamchere. Maganizo oti bokosilo lingakhale lija la apongozi anandibwerera, koma ndinawaingitsa ngati nkhuku.

Loweruka kunali kichini pate ku Mtendere, phwando lija la azimayi okhaokha lolangiza mkwatibwi ndi kumupatsa ziwiya. Apongozi anatsogola m'mawa kukathandiza kuphika. Ine ndinakulunga chingwe chija m'khosi, ndinavala diresi lotsegula pachifuwa kuti chioneke bwino, n'kunyamuka.

Apa ndidziteteze pang'ono. Ndinabadwira m'tauni, ndipo ukwati wanga unali wa ku Pentekosite, kumene alangizi anatiphunzitsa mavesi ndi kusita malaya, za mikanda ayi. Ya m'chiuno imene ndinkaidziwa ndi timikanda tija tating'onoting'ono ta pamsika.

Nditalowa, maso onse anali pakhosi panga, ndipo ndinati lero andidziwa. Sindinadikire kufunsidwa. Ndinayamba kuphunzitsa amene ndinakhala nawo pafupi za galasi ndi pulasitiki, ndikuika mikandayo m'kamwa umodziumodzi kuti amve kulira kwake. Mayi wina woimba ng'oma anasiya kuimba, n'kundiyang'ana ndi chifundo.

“Ba sisi, ivo vamene muluma ni va mu chiuno. Sitivala pa mukosi.”

Kuseka kumene kunabuka sindidzakuiwala. Ngakhale mkwatibwi, amene amayenera kukhala wozyolika, chitenje chimene anamufunditsa chinkagwedezeka. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Apongozi okha sanaseke. Anandikodola, tinapita kuseri kwa nyumba kumene kunali mapoto. Anandiuza motsitsa mawu kuti mikandayo ndi yawo. Anaivula tsiku la maliro, monga amachitira mkazi wamasiye, n'kuiika pansi pa bokosi, ndipo bokosilo linapita.

Manyazi ndinali nawo, koma wosonkhanitsa zakale ndi wouma mtima. Chinthu chokongola chotere ndinali ndisanachigwirepo, ndipo sindinafune kuchitaya ndi mawu chabe. Ndinawapempha mwaulemu wonse kuti andipatse umboni, monga ndimachitira ndi aliyense. Anatchula mkanda wofiira wobenthuka. Ndinati umenewo phwando lonse lauona. Anandifunsa ngati ndikudziwa chimene chinaubenthula, ndiye ndinayamba ya amalonda anga aja. Sindinafike nayo patali, iwo anandidula mawu.

“Amalonda bakuti, apongozi? Ni batate bake ba bamuna banu. Na dzino.”

Anayang'ana kumbali, chifukwa zotere munthu sauza mkazi wa mwana wake. Ine ndinakumbukira botolo lija, kenako ndinakumbukira kumene mikandayo inakhala zaka zonsezo ndi kumene ndinkaiika ine tsiku lonse. Ndinatunga madzi mumgolo n'kutsuka m'kamwa. Apongozi atandiona anaseka mpaka anagwira khoma, ndipo kusekako kunathera m'misozi. Aka kanali koyamba kuwamva akutchula amuna awo m'makutu mwanga. Ndinavula chingwecho n'kuwapatsa ndi manja awiri. Chinandiwawa, ndisaname, koma umboni wotere sindinaupezepo pa chinthu chilichonse cha m'kabati mwanga.

Patapita masiku anabwera kuchipinda kwanga mwamuna wanga atapita kuntchito. Anati chiuno chakula, chingwe sichikukumananso, ndiye akufuna ulusi wolimba ndi mikanda ina yoyera yowonjezera. Ndinawatsegulira chitini cha mikanda yanga yakale yeniyeni. Sanandikhulupirire. Uliwonse anayamba augunda padzino.

Mpaka lero mwamuna wanga akaona ana akutsegula botolo ndi mano amawakalipira, n'kuwakumbutsa zimene zinaonekera agogo awo aamuna. Ine ndi apongozi timangoyang'ana m'mbale zathu.