Utsi Usapite kwa Atelala

Ababa atabwerako kumene anakawatsekera, sankalankhula. Anawabweretsa ndi atelala oyandikana nafe, Msilamu wa ku Kawinga amene anadzakwatira kwathu ku Rivirivi. Akuchokera kogula ulusi anawapeza atakhala pansi pa siteshoni ya Balaka, n'kuwakweza pa njinga. Zaka zimenezo munthu akatengedwa pa galimoto yosadziwika, otsala simunkafunsa kumene wapita, ndipo akabwerako simunkafunsa zimene wakaona. Ifenso sitinafunse.

Ine ndinali wamkulu kale, mwana ali kumsana. Ndinkaganiza kuti tsiku lobwera iwo ndidzagubuduka pansi ndi chimwemwe, koma ayi ndithu. Ndinangowayang'ana. Ndevu zinali zitadzaza kumaso, jekete lomwe lija anapita nalo likulendewera m'mapewa. Mumtima mwanga munali zii. Ndinangopita kukawaterekera madzi osamba.

Masiku anapita. Ukawapatsa moni ankangogwedeza mutu, dzanja lili pakamwa. Chakudya ankadyera m'nyumba okhaokha atatseka chitseko, mbale n'kutuluka ili ndi zotsala. Amayi anayamba kunong'ona kuti mwina mutu unasokonekera, kuti atibwezera thupi lokha. Tinkafuna chinthu chimodzi basi, liwu lawo, ngakhale litakhala lotikalipira.

Maganizo opha nkhumba anali anga. Ababa ankagwira ntchito ya njanji, ndipo kumalire a Mozambiki anaphunzirako kawotchedwe kena. Nyama ankaidula mizere italiitali, n'kuinyika m'madzi a mandimu, adyo wosinja, mchere ndi tsabola wa kambuzi, igone momwemo mumphika wovundikira, m'mawa mwake ipite pa waya. Ndipo pamoto pamenepo m'pamene ankalongolola zedi. Makala achepa, mwatembenuza msanga, tachokani apa simudziwa kanthu. Chikopa ankachifuna chouma, choti akamakukuta amve ndi a panjira.

Anali ndi lamulo lawo. Asanakoleze moto ankatapa phulusa n'kuliwaza m'mwamba, aone kolowera mphepo, chifukwa utsi wa nkhumba sunkayenera kupita kwa atelala. Mpeni wa nkhumba unali wakewake, waya wakewake, zonse zopachika kuseri kwa khola, kuti anansi akabwereka chiwiya chathu asakhale ndi chikayiko. Nawonso pa Idi ankatitumizira mwendo wa mbuzi.

M'khola munali mutatsala nkhumba imodzi, ndipo amalume anabwera kudzaipha. Ndikufinya mandimu kuseri kwa nyumba, atelala anaima chapatali, tsidya la mpanda.

"Amwali," anandiitana, "nkhumbayo mukanaisiya kaye. Achikulirewo aphikireni zofewa."

"Musadandaule, utsi sufika kwanu," ndinayankha.

"Iyayi, sindikunena za utsi."

Anayang'ana uku ndi uku, monga tonse tinkachitira tisanalankhule, n'kumeza mawu otsalawo, ulendo ku makina awo osokera. Ine ndi pakamwa pangapa ndinakauza amayi. "Mwawamva anzanu aja? Msilamu angatiuze chiyani pa nkhani ya nkhumba?" Amayi nawo anati chikuwavuta ndi chipembedzo basi, tiwasiye.

M'mawa mwake ndinawaza phulusa, linalowera kumtsinje. Ndinaika njerwa, makala pakati, waya pamwamba. Amayi anatulutsa mpando, n'kuwagwira ababa pamkono kuwakhazika pafupi. Nyama inali italowerera bwino, yotuwa ndi mandimu, adyo atakakamira. Mafuta akadontha pa makala, tchee, lawi n'kudzuka. Ndinkalakwitsa dala. Ina ndinaitembenuza isanagwire moto, ina ndinaisiya ipserere iwo akuona, kuti mwina andikalipire. Kaya! Anangoti maso tong'o pa makala. Inenso manja okha ndi amene ankagwira ntchito, ngati ndikuchapa zovala za eni. Fungo lonse lija silinandipatse njala.

Ndinasankha nthuli ya chikopa chouma bwino, monga ankakondera, ndinagwada n'kuwapatsa pa mbale. Anaitola, anainunkhiza, anaigwira nthawi yaitali. Kenako anaibwezera pa mbale paja. Amayi anayang'ana kumbali.

Apo m'pamene mphepo inatembenuka. Utsi uja unkatsikira kumtsinje unakhota, kudutsa mpanda, kulunjika pakhonde pamene atelala anapachika mikanjo yoyera ya anthu a kumzikiti. Ine sindinaone, maso anali pa mbale. Ababa anaona. Anadzambatuka, mbale n'kugwa, manja onse awiri akuloza.

"Utsi! Ukupita kwa atelala! Chotsani waya!"

Mawu anatuluka ophwanyikaphwanyika ngati a nkhalamba. Ndipo popeza dzanja linali litachoka pakamwa, tinaona. Mano munalibe. M'mwamba ndi m'munsi, nkhama zokhazokha, kupatula zibenthu zakuda chakumbuyo. Munthu amene anachoka pakhomo akusenda nzimbe ndi mano.

Amayi anangoti khwaa pansi, miyendo tambalale m'fumbi. Ine sindinalire. Ndinanyamula waya ndi nsonga ya chitenje, n'kuthira madzi pa makala. Tsidya la mpanda makina anali atasiya kulira. Atelala ankadziwa kuyambira ku Balaka, pamene anawagulira chimanga chowotcha, ababa n'kufika nacho kunyumba chili m'thumba la jekete chosaluma. Izi ndinadzamva patapita zaka, nthawi imene anthu anayamba kulankhula.

Ababa anali atakhalanso pa mpando, dzanja likubwerera pakamwa. Ndinalowa m'khitchini, n'kutenga kamtondo kamene ndinasinjira adyo dzulo lake. Ndinachotsa chikopa chija ndinachisamalira kwambiri, n'kuponyera galu. Nyamayo ndinaiduladula, n'kuyamba kusinja, ndikuthirira msuzi wotsala mumphika nditauwiritsa, mpaka inafewa ngati phala la mwana. Ndinagwadanso.

Anatsitsa dzanja. Anatapa ndi zala, naika m'kamwa, ife tikuona. Anaisunga nthawi yaitali asanameze.

"Mandimu achepa," anatero.

"Ndamva, ababa," ndinayankha, n'kuika nthuli ina mumtondo.