Mwendo wanga ndi chitunda cha ku Bangwe

Lemba mmene ndikulankhuliramu, mdzukulu wanga, usaikemo mawu a kusukulu. Ine sukulu sindinaipondeko, koma za mwendo uwu ndikhoza kuphunzitsa kalasi.

Nyumba ino, pamtunda pano, njerwa zake ndinasenza ndekha kuchokera kumsewu uko. Agogo ako aamuna anali atamwalira, ine ndikugulitsa makala pamsika. Galimoto silifika kuno, ngakhale njinga yamoto imakana. Ndiye zaka zonsezo kukwera, kutsika, thumba lili pamutu.

Kenako mwendo wamanzere unayamba. Kumachita ngati wina walowetsa waya wamoto kuyambira m'thako mpaka kuchidendene, pakatumba ndiye pamayaka penipeni. Zala dzanzi lokhalokha. Mnzanga wa makala, mayi wa ku Nsanje, anandiyang'ana n'kuti, "Achemwali, mwaponda zinthu. Nyumba ya malata ija anthu sanaikonde." Ananditengera kwa bambo wina ku Ndirande, ananditema mphini pakatumba. Osasintha. Ndinabwererako, ananditema pabondo, kenako pachidendene. Paliponse pamene ndaloza kuti apa, lezala. Taona wekha, mwendo wonse mizeremizere. Mapilitsi a pagolosale ndinkameza ngati mtedza, osadya kanthu, mpaka m'mimba namonso munayamba kuwotcha.

Nthawi yozizira yonse ndinangogona. Bambo ako anandiletsa kugwira ngakhale tsache. Ankachita mwachikondi, sindikana, koma kugonako kunandiumitsa ngati thabwa. Tsiku lina anabwera, anakhala pampando uwo.

"Amayi, nyumba ino tigulitse. Ku Machinjiri kuli chipinda, ndipo ndi pafulati."

"Mugulitse nyumba ya ndani, bambo?"

"Munthu woti sangatsike yekha kukagula mchere sangakhale kuno. Tipite kaye kuchipatala. Koma mvula ikamayamba musakutsikabe, ndibwera kudzatenga katundu."

Anandibereka kumsana kutsika chitunda chonsechi, anthu ataima m'makomo. Ine amene ndinamubereka iyeyo. Ndinafunda chitenje kumutu.

Kuchipatala anatipereka kwa mtsikana wina, aja owongola mafupa, amati afizo. Anaona mphini zija, sanaseke. Anandigoneka chagada n'kukweza mwendo uli chiwongokere, ine ndinakuwa. Kenako anadina m'chiuno kumbuyo kuno, moto uja unathamanga mpaka kuphazi.

"Agogo, mwendowu ulibe mlandu," anatero. "Babu likamaphethira m'nyumba, mumamenya babulo?"

"Ayi, timati vuto lili kupholo."

"Pholo lanu ndi msanawu."

Anati mitsempha ili ngati mawaya a magetsi, imachoka kumsana kupita kuphazi. Katundu wa zaka zonse uja anapana mtsempha umodzi m'chiunomu, ndiye uthenga ukafika kumutu, mutu umayesa kuti vuto lili pakatumba. Anatinso kupweteka ndi mlonda wa thupi, amakuwa kuti usadzivulaze. Koma mlonda akakuwa nthawi yaitali amasanduka wamantha, amakuwa ngakhale wadutsa ndi mphaka. Ukangogona osasuntha, mantha ake amachuluka.

Ndinati chabwino, ndibayeni jekeseni. Anati jekeseni palibe. Anandiuza kuti ndizigona chagada n'kumakokera bondo pachifuwa, ndizigwada ngati mwana wokwawa n'kumapinda msana pang'onopang'ono, ndizithowa m'chiuno ndi nsalu ya madzi ofunda, ndiziyenda tsiku lililonse ngakhale pang'ono. Mapilitsi ndikadya kaye, komanso osati tsiku ndi tsiku. Katundu pamutu, basi, ndisiye.

Ndinakwiya ndithu. Kundinyamula ulendo wonse uja kuti akandiuze zokwawa? Koma ndikaganiza za chipinda cha ku Machinjiri, kumakhala ndikuyang'ana mpanda wa njerwa, kumapempha mpongozi ngakhale madzi akumwa, ndinkatseka chitseko n'kugwada. Mayi wa nyumba yapafupiyi anasuzumira pawindo tsiku lina.

"Anzanga, mwalowa mpingo wanji womapemphera chonchi?"

"Wa anthu osafuna kusamuka," ndinatero. "Tilowe awiri, nanunso msana mumadandaula."

Kuyenda ndinayambira pakhomo mpaka pa mtengo wa mapeyala uwo. Sabata yonse pomwepo. Kenako pampope pamene timatunga madzi. Tsiku lina ndinadzimva bwino, ndinapitirira mpaka kutchalitchi, ndiye mawa lake sindinadzuke. Ndinalira, ndinati zonse zabwerera. Mkuja wake ndinayambiranso pa mapeyala. Pamenepo m'pamene ndinadziwa kuti tsiku labwino usalidye lonse.

Zina ndinazitulukira ndekha, ulembe zimenezo. Potsika sinditsika chamaso ayi, ndimatsika cham'mbali ngati nkhanu, mwendo wodwala patsogolo. Pokwera umatsogola wabwino. Ndimadikira dzuwa lifunde kaye, thupi limvere. Ndipo ndikamayenda ndikuimba nyimbo za kwaya, kapena ndikukangana ndi mayi wa nyumba yapafupi uja, kupweteka kumachepa. Ndikakhala ndekha duu ndikuumvetsera, mwendo umalankhula kwambiri.

Mitambo itayamba kuda, bambo ako anatumiza uthenga kuti abwera Loweruka. Ine m'mawa ndinathowa msana, ndinavala chitenje changa cha ku ukwati, ndodo m'manja, cham'mbali cham'mbali mpaka kumsewu. Ndinagula mchere n'kukhala pabenchi pasiteji. Minibasi inaima, bambo ako anatsika, anandidutsa osandiona.

"Bambo, anthu sitipatsana moni masiku ano?"

Anatembenuka. "Amayi? Wakutsitsani ndani?"

"Ndani winanso? Tiyeni kunyumba, mukamwe tiyi."

Anafuna kundigwira mkono, ndinakana. Anafuna kundinyamulira mchere, ndinakananso. Tinakwera. Ine ndinapuma kawiri, pampope ndi pa mapeyala. Iyeyo, ndi mimba yake ya muofesi ija, anapuma katatu, akunamizira kuyankha foni. Titafika anamwa tiyi makapu awiri, anandifunsa za denga ngati likudontha, za kugulitsa sanatchule. Nanenso sindinamukumbutse, mwana wamwamuna sumuchititsa manyazi atagonja kale.

Loweruka linalo anabwera ndi khasu ndi simenti, anakonza masitepe pamalo poterera panjira yotsikira kumsewu. Lero anthu onse a kumtunda kuno amadutsa pomwepo.

Usalembe kuti ndinachira, limenelo likhala bodza. Chiperoni chikamabwera ndimayamba kudziwa ine a wailesi asananene, ndipo masiku ena ndimakwawa ndikutukwana. Koma makiyi a nyumba ino ndi awa, pamfundo ya chitenje changachi, ndipo amene akufuna kundiona azikwera.