Mazira Awiri m'Bokosi la Machesi

Mwana wanga anali ndi miyezi isanu pamene ndinatipeza. Tinthu tiwiri toyera, tolimba, tomatana, kukula ngati nandolo, tili mkati mwa kasokosi kake pansi pa sutukesi. Tsiku limenelo n'kuti akutsegula m'mimba, liwombo litalowa. Ndinagwira kasokosiko, ndipo mutu wanga unathamangira kwa munthu mmodzi chabe, bamulamu, mkazi wa akulu awo a amuna anga. Ndiwo ankandichapira zovala za mwana n'kuzipinda musutukesimo. Anachokera kutali, ku Petauke, ndipo anali ataika ana awiri m'manda, aliyense asanayambe kukwawa.

Kuchipatala ku Mpanshya anati vuto ndi madzi osawiritsa, mwana n'kuchira m'masiku atatu. Koma ine ndinali nditaonetsa kale apongozi tinthuto.

"Usataye," anatero apongozi monong'ona. "Sunga mpaka mwamuna wako abwere kuchokera ku Lusaka, aone ndi maso ake."

Ndinatiika m'bokosi la machesi, ndi kathonje, n'kubisa pamwamba pa khoma, pansi penipeni pa malata pomwe pamatentha tsiku lonse. M'mawa uliwonse ndinkakwera pampando kukasuzumira ngati tasuntha. Sindinadziwe kuti ndikufungatira ngati nkhuku.

Mwana ndinasiya kuwapatsa bamulamu. Ankabwera akuwomba m'manja chapatali. "Bweretsa kuno mwamuna wangayo, wandisowa!"

"Wagona," ndinatero, mwana ali kumsana.

"Wagona akundiyang'ana? Iwe, kodi wayamba nsanje?" Anaseka. Tsiku lachiwiri anasekanso. Lachitatu anangoika pakhonde sopo amene anabweretsa n'kubwerera.

Patapita masabata asanu ndinali kuzira m'nyumba. Ndinachotsa kalendala yakale pakhoma, nalimata wonenepa n'kutulukira kumbuyo kwake, kuthawira kudenga. Mumng'alu momwe anatulukamo munali tinthu tomwe tija. Tambiri. Tina tathunthu, tina tosweka topanda kanthu mkati. Ndinakhala pansi, dothi lili m'manja. Mazira. Mazira a nalimata chabe, ndipo sutukesi yanga, yosatseka bwino, imakhala pansi pa khoma lomwelo.

Apa ndiye pondichititsa manyazi. Ndinabwezera kalendala pamsomali. Ndinali nditauza kale azimayi awiri kuchitsime, nkhani itafika mpaka kukwaya. Ndikanayamba bwanji kunena kuti ndinaopa mazira a nalimata, ine wa giredi seveni, wongokwatiwa dzana? Ndinati mawa ndidzauza apongozi. Mawa lake ndinatinso mawa.

Amuna anga anabwera Loweruka. Lamlungu titaweruka kutchalitchi, apongozi anaitana tonse pansi pa mtengo wa mango, bamulamu ndi amuna awo ali pomwepo. Anandiuza kuti ndibweretse bokosi lija. Ndinali nditasiya kulisuzumira masiku angapo. Nditalikankha ndi chala, munatuluka tiana ta nalimata tiwiri, totuwa, tosaposa kamtengo ka machesi. Kena kanalumphira pachitenje cha apongozi.

"Zasanduka!" anakuwa apongozi akudzikutumula. "Mwaona nonse? Zasanduka!"

Amuna a bamulamu anangoyang'ana pansi. Bamulamu sanalire, sanakuwe. Anatembenukira kwa ine.

"Amake mwana, m'nyumba mwanu mulibe analimata?"

Onse anandiyang'ana. Mwana anali kuyamwa, ndinkamva kakamwa kake kakukoka.

"Sindinaonepo," ndinatero.

Lachiwiri bamulamu anakwera minibasi ndi thumba limodzi. Amuna awo sanawaperekeze ngakhale kumsewu.

Papita zaka ziwiri. Mwezi wathawu ndikuchokera ku sikelo ndi mwana, minibasi inaima pa Chinyunyu, azimayi ogulitsa n'kuthamangira kumawindo. Beseni la nthochi linafika pawindo langa, ndipo pansi pa besenilo panali nkhope ya bamulamu. Sanabwerere ku Petauke, akukhala kwa mbale wawo pafupi ndi akasupe a madzi otentha a pa Chinyunyu pomwepo. Ndinafuna kubisala kumbuyo kwa mutu wa mwana, koma anali atandiona kale.

"Bamulamu," ndinatero, mawu akutuluka mothamanga chifukwa kondakitala anali akumenya kale chitseko, "aja anali mazira. Ndinadziwa. Ndinadziwa tisanakhale pansi pa mango paja."

"Nanga ine sindinakulire m'nyumba?" anatero. "Ndinaona tsiku lomwelo. Ndinkadikira iwe."

Anathyola nthochi imodzi, kuisenda, n'kupatsa mwana m'manja. "Wakula mwamuna wanga, wandiiwala." Kenako kwa ine: "Usandiuze ine. Kauze amene anakuwa."

Amuna anga ndinawauza tsiku lomwelo, ndinawachotsera kalendala kuti aone okha. Anayang'ana mumng'alumo nthawi yaitali, n'kutuluka kupita kwa akulu awo. Apongozi sindinawauzebe. Dzulo ndinafika mpaka pakhomo pawo, ndinagwada, ndinapereka moni, n'kupempha mchere.