Botolo la Apongozi

Chaka chimene a kabaza a pa Boma anachita mpikisano wa njinga, ine anandisankha kukhala mboni ya mkodzo. Udindo umenewu sindinaupemphe. Amene anakonza mpikisanowo anali bambo wina wongobwera kumene ku Joni, yemwe anaonera mipikisano ya azungu pa kanema n'kubwera ndi malamulo ake m'foni. Ankati kunjako wopambana amakodza m'botolo mboni ikuyang'anitsitsa, kuti akamuyeze ngati sanamwe mankhwala owonjezera mphamvu. Poti ndine mphunzitsi, anati maso anga ndi odalirika.

Mpikisanowo unayambira ku Biriwiri kudzathera pa Boma, mphoto yake njinga yatsopano. Tonse tinkadziwa kuti apambana mnyamata. Koma amene anayamba kutulukira ndi apongozi anga, bambo a mkazi wanga, munthu amene wakhala akukweza matumba a kachewere m'zitunda zimenezo kuyambira ine ndisanamere ndevu. Njinga yawo inali yomangamanga ndi malegeni.

Ogonja anayamba kung'ung'udza kuti mdala sangasiye anyamata m'mbuyo popanda kanthu m'magazi. Wa ku Joni uja anandipatsira botolo n'kutilozera kuseri kwa sitolo.

Ine ndine mkamwini. Apongozi ndikakumana nawo panjira ndimapatuka, mbale imodzi sitidyera, ndiye lero ndiwayang'ane akumasula lamba? Ndinawapatsa botolo ndi manja awiri, n'kutembenuka, n'kumawerenga njerwa za pakhoma mpaka atatsokomola kuti atha.

Titabwerera, wachiwiri pa mpikisanowo anandifunsa ngati ndinaona ndi maso anga. Kabodza kakang'ono kakanatha nkhani, koma uphunzitsi unandikwera kumutu. Ndinati ndinamva ndi makutu.

Mkangano wake unafika mpaka dzuwa kupendeka. Ena ankati khutu si mboni. Ena ankati botolo lenilenilo linali la zakumwa, losatsuka bwino. Amayi ena ogulitsa kabichi anati lamulo la azungulo linalembedwa ndi anthu opanda apongozi. Palibe amene anafunsa kuti mkodzowo ukayezedwa kuti, ndipo ndikhulupirira wa ku Joni naye sankadziwa. Pomaliza anagamula kuti ndondomeko yaphwanyidwa, njinga n'kupatsa wachiwiri uja. Botolo linatsala pawindo la sitolo mpaka mvula inagwa.

Zinandipweteka kwambiri, ndipo mpaka lero ndikakumbuka manyazi amandigwira. Apongozi sanakalipe. Anangotuma mawu kudzera kwa mwana wawo, monga mwa mwambo.

"Ukawauze aphunzitsi kuti ulemu wawo ndauona. Wandidyera njinga."

Apongozi akupalasabe yamalegeni ija. Ndikaimva ikulira potsika ku Biriwiri ndi matumba, ndimapatuka n'kuyang'ana kumbali monga kale, ndipo anthu amanditama kuti ndine mkamwini waulemu.