Pulasitala ya Pamsana pa Amuna a Nasopo

Dzina loti Nasopo anawapatsa ndi amuna awo, chaka choyamba cha ukwati, atawapeza akutsuka chingwe choyanikira zovala. Linakakamira mpaka anthu kuiwala lenileni. Zaka makumi atatu akhala akuchapa ndi kusita m'nyumba za anthu, zala zawo mpaka kutumbuluka ndi sopo. Kolala ya malaya ikakanika kwina, inkathera kwa a Nasopo. Kwawo mlendo akatsanzika, ankapukuta pampando mwiniwake asanafike n'kumsewu komwe. Alamu awo ankati mkazi ameneyu tsiku lina adzachapa makala.

Amuna awowo anali mmisiri wokhoma madenga, munthu wanthabwala, wokwera makwerero ngati wachinyamata ngakhale imvi zinali mbuu. Banja lonse linkadalira miyendo imeneyo. Ndiye atawapeza ndi chotupa m'matumbo, funso lawo kwa madokotala linali limodzi basi, loti adzakweranso liti padenga. Anawauza kuti pakatha miyezi itatu.

Opaleshoni inayenda bwino ndithu. Kuti bala lisamawawe, dokotala anawalowetsa kachubu kowonda ngati ulusi pakati pa mafupa a msana, koti mankhwala oletsa ululu azidontheramo pang'onopang'ono. Pomwe kachubuko kanalowera anaikapo kachigamba kozungulira konyowa ndi mankhwala opha tizilombo, pamwamba n'kumata pulasitala yoonekera mkati. A Nasopo ndi amene ankadwazika. Nesi anangoti, "Apa musakhudzepo, amayi," kwinaku akuthamangira bedi lina. Chifukwa chake sananene. Zoona, kachifukwa kokha, kosatha ndi mphindi imodzi yomwe! Koma nesiyo anali yekha pa odwala makumi anayi, ndiye umukalipire bwanji.

M'wodimo munkatentha, ndipo bambo ankatuluka thukuta. Pofika tsiku lachiwiri kachigamba kaja kanatupa, kanamwa timagazi, n'kuda. A Nasopo akamawatembenuza amuna awo, maso ankangothamangira pomwepo, mtima n'kumanyansidwa. Anakauza nesi kawiri. Kawiri konse nesi anasuzumira n'kunena kuti zikadali bwino, zimenezo sizisinthidwa wamba. A Nasopo anangogwedeza mutu. Mawu oti "zikadali bwino" anawamva moyo wawo wonse kwa anthu aulesi oti atembenuza shiti m'malo moichapa.

Masana a tsikulo, nthawi yosambitsa odwala, anakoka katani. Beseni linali lawolawo, lokwecha mpaka kuwala. Anatunga madzi pampopi wa m'wodi, nasamba m'manja kawiri. Kenako anamatula pulasitala ija mosamala, kachigamba kakuda kaja n'kukaponya m'bini. Anatsuka mozungulira kachubu ndi sopo, napukuta. Anatenga kampango ka m'thumba koyera mbee, kosita, kopinda kanayi, n'kukayala pamenepo, pulasitala yakale ija n'kuibwezera pamwamba. Mbali imodzi inakana kumata, iwo anangoisindikiza ndi chala. Amuna awo anapumira m'mwamba n'kuwauza kuti koma ndiye awapepuza, manja a Nasopo ngosiyana ndi a chipatala. A Nasopo anasangalala zedi tsiku limenelo.

Tsiku lachinayi bambo anayamba kutentha thupi, nadandaula msana. Miyendo inalemera, koma aliyense ankati ndi mankhwala oletsa ululu aja, amachititsa dzanzi. Lachisanu m'mawa analephera kugwedeza zala zakumapazi. Dokotala anabwera, nawatembenuza, navundukula malaya. Anapeza kampango katanyowa ndi mafinya, khungu litatupa ndi kufiira.

"Watsegula apa ndani?" anafunsa dokotala.

A Nasopo asanatsegule pakamwa, amuna awo anayankha nkhope ili kukhoma.

"Ndine, adokotala. Pankayabwa, ndiye ndinamatula, n'kuikapo kampango kanga."

Dokotala anayang'ana kampangoko, mizere ya simbi ikuonekabe, katayalidwa bwinobwino pakati penipeni pa msana, poti mkono wa munthu wong'ambidwa pamimba sungafike. Anayang'ana a Nasopo. Sanafunsenso. Anazula kachubu, nalamula jakisoni, ndipo apa m'pamene anafotokoza tsopano. Anati kachubu kameneka ndi msewu wolunjika mkati mwa msana, ndipo kachigamba kooneka konyansa kaja ndiko kanali mlonda wa pakhomo. Anati madzi apampopi, nsalu yosita, ngakhale manja osamba, zonsezo zimakhala ndi tizilombo tosaoneka ndi maso. A Nasopo anamva chilichonse bwinobwino. Akanauzidwa Lolemba, tsiku la opaleshoni lija, akanamvanso chimodzimodzi.

Mafinya anali ataunjikana mkati, akupanikiza mtsempha waukulu wa mumsana. Makina ounikira anali kuchipatala china, ndipo malo kumeneko anapezeka patatha masiku awiri. Anawang'amba msana, nachotsa mafinyawo. Moyo unapulumuka, bala lapamimba linapola ngati la mwana, koma miyendo inapita. Madokotala anati mwina kumva kudzabwerera pang'ono, ndipo a Nasopo anaona okha kuti akungowatonthoza.

Pano chaka chatha. Makwerero anabwereka mnzawo wina wa bambo ndipo palibe amene wakawaitanitsa. A Nasopo anasiya nyumba zonse zomwe ankachapako kupatula ziwiri zapafupi, chifukwa munthu wogona amafunika kumutembenuza pafupipafupi kuti asachite zilonda. Amachapa mashiti tsiku lililonse. Mmene munthu angasamalire wodwala, anthu amabwera kudzaonera kwa iwo, n'kumachoka akuyamikira kuti bambowa ali ndi mwayi, mkazi wina akanathawa. Mawu amenewo amawalasa kuposa chipongwe.

Chowawa kwambiri ndi ana. Mwana wawo wamkazi wachisamba, amene anasiya kosi yake kuti azithandiza pakhomo, akatopa amawakalipira bambo ake. Amawakumbutsa kuti anauzidwa kuti asakhudze, koma iwo kusamva, munthu wamkulu kulephera kupirira kuyabwa, ndiye taonani pomwe afikitsa banja. Bambo amangoseka n'kuvomera kuti ndi zoona, iwo chibadwire ndi a manja oyabwa. Pamenepo a Nasopo amatuluka, n'kukatsuka mapoto otsuka kale.

Tsiku lina mwanayo atakalipa n'kumenyetsa chitseko, a Nasopo analowa ndi beseni. Anawatembenuza amuna awo, chipsera cha pamsana chili poyera, nanyika kansalu m'madzi. Manja anakana. Anakhala pamphepete pa bedi n'kunena kuti atopa, lero amuuza mwanayo zoona, adane ndi woyenera kudana naye.

Bambo anayankha nkhope ili kukhoma ngati tsiku lija.

"Nasopo, ine akandida, ndimagona pompano, sindipita kulikonse. Akakudani inu, muchoka ndi manyazi, ndimakudziwani. Ndiye andisambitse ndani?"

A Nasopo anafuna kumva ngati m'mawu amenewo muli chikhululuko kapena mantha okha, koma sanathe kusiyanitsa, ndipo kufunsa anaopa. Madzi anali atayamba kuzizira. Anafinya kansalu kaja, nayamba kuwatsuka amuna awo kuchokera m'mapewa kutsika. Atafika m'chiuno anafunsa mwachizolowezi ngati sakuwakhula kwambiri.

"Khulani mmene mungafunire," anatero bambo. "Kumeneko sindikumva."