Zikopa za Mbira za Gordon

Amuna anga, a Lyson Mwangolera, anagwira ntchito pa dibi kufupi ndi Kaporo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Ng'ombe ankaidziwa. Zikamatsikira m'madzi a mankhwala aja iwo ankangoloza: iyi ili ndi bere la miyezi itatu, iyo sifika nthawi ya mvula. Ndipo zinkachitikadi. Vuto lawo linali limodzi, ankaganiza kuti chilichonse cha miyendo inayi ndi ng'ombe.

Ine ndine Emma, kwathu ndi ku Ntchisi. Ndinabwera ku Karonga ndili mtsikana kudzaphunzitsa Sitandade 2, mumtima ndikuti zaka ziwiri zokha ndibwerera. Ndinakwatiwa konkuno, ndipo Mulungu anatipatsa mwana mmodzi yekha, Gordon. Anakula, anamaliza Fomu 2, napeza ntchito ya ukalaliki pa msika wogula mpunga.

Mu 1983, nthawi yokolola, Gordon anawoloka malire pa mtsinje wa Songwe kukaona mnzake wosewera naye mpira. Anabwerako madzulo atanyamula kadengu, m'kati muli mbira ziwiri, zimene kuno amazitcha simbilisi. Ina inali yoyera, ina ya mawanga ofiirira.

"Amayi, izi si ndiwo," anandichenjeza asanakhale n'komwe pansi. "Ndaona kale mmene mwaziyang'aniramo. Ndi zanga zocheza nazo."

Anapempha bambo ake kuti aziyang'ane ngati zonse zili zazimuna, poti sankafuna ziswane. A Mwangolera anazitembenuza chagada, kuuzira ubweya, kugwedeza mutu ngati adokotala.

"Nkhunzi zonse ziwiri," anatero. "Ukufunsa munthu wa pa dibi, iwe."

Gordon anaitcha yoyerayo Bwana, ya mawangayo Kalaliki, chifukwa Bwana ankadya poyamba, Kalaliki n'kumatola zotsala.

Pansi pa kadengu kaja mnzakeyo anali atayalapo nyuzipepala ya Chiswahili kuti mbira zisaonongemo. Gordon anaikutumula n'kuisiya pakhonde kuti iume. Wina anadutsa, anaiona. Sindikudziwa mpaka lero kuti anali ndani, ngakhale ndili ndi anthu atatu amene sindiwapatsa moni. Masiku amenewo pepala la kutsidya linali mlandu wokwana. Patapita masiku asanu, masana dzuwa lili paliwombo, inaima Landirova ya apolisi pakhomo, Gordon ali kale m'kati. Amuna atatu anasanthula nyumba yonse, natenga kapepala konunkha mikodzo kaja. Galimoto ikulira, mwana wanga anasuzumira pawindo.

"Tata, mundisungire simbilisi zanga. Ndibwera."

Mawu ake omaliza anali amenewo. Kwa ine, amene ndinamubereka, sananene kanthu. Mwina nthawi inachepa, komabe zinandiwawa, ndipo mbira zija ndinazida kuyambira tsiku lomwelo. Zikanapanda kubwera izo, pepala lija silikanafika pakhonde panga.

Kwa Ankhonde kuli mwambo. Munthu akakusungitsa ng'ombe, mkaka ndi wako, ndowe ndi zako, koma ng'ombeyo ndi ana ake onse ndi za mwini wake. Supha, sugulitsa, supatsa munthu. Ikafa, umaisenda n'kuumitsa chikopa, kuti mwini wake akadzabwera adzaone mawanga ake, adziwe kuti inafadi, sunamudyere masuku pamutu. Ndi mwambo wabwino kwa ng'ombe, imene imabereka kamodzi pa chaka, mwana mmodzi. A Mwangolera anautenga mwambo wonsewo n'kuusenzetsa timbira tiwiri tokwana m'manja.

Patatha miyezi iwiri ndi theka, ndikupita kukasonkha moto m'mawa, ndinapeza m'bokosi la mbira mukuthamanga tinthu titatu, taubweya kale, maso ali tong'o, tikudya udzu ngati tinabadwa chaka chatha. Kalaliki anali atabereka. Ndinawaitana a pa dibi aja kuti adzaone nkhunzi yawo. Anaima nthawi yaitali, manja kumbuyo.

"Yayi, pamenepa ndinaphonya," anavomera. Kenaka nkhope inawala. "Koma Gordon walemera, Anyina Gordon. Khola lakula."

Ndinawauza kuti asiyanitse Bwana ndi Kalaliki tsiku lomwelo. Anandiseka. Akuti ng'ombe ikabereka imayamba yayamwitsa miyezi ndithu isanalole nkhunzi. Ndinawauzanso kuti ana aakazi awachotse kwa bambo wawo. Akuti thole silikwereka lisanakwane zaka ziwiri, ine mphunzitsi ndikudziwa chiyani za ziweto. Kalaliki anatenganso bere tsiku lomwe anaberekalo. Ana ake aakazi anatenga awo asanakwane miyezi iwiri. Pofika Isitala ya chaka chotsatira, khitchini yanga inali itasanduka khola, ine ndikuphikira panja pansi pa mtengo wa mango, mvula ya ku Karonga ikundithira kumsana.

Ndiye inayamba nkhondo. Ana aamuna atakula anayamba kulimbana ndi Bwana. Zimayamba ndi kukukuta mano, phokoso ngati munthu akupukusa chimanga chouma, ubweya n'kuima, matako n'kumagwedezeka uku ndi uku. Kenaka zimangogwirana, n'kukhala mpira umodzi waubweya ukugubuduka, zazikazi zikulira m'makona. M'mawa timapeza ina khutu lang'ambika, ina mlomo watupa, ina msana uli zilonda zokhazokha. A Mwangolera ankalowetsa dzanja pakati kuti aleretse, monga ankachitira ndi nkhunzi pa dibi. Bwana anawaluma chala chachikulu mpaka pafupa. Anapita ku ntchito sabata ziwiri atakulunga chala ndi nsanza, akuuza anthu kuti anadzicheka ndi chikwakwa.

Aliyense woweta mbira amadziwa mankhwala a nkhondoyi: zazimuna zowonjezera zimapita mumphika. Anansi athu onse ankatero. Ife ayi. Yamphongo iliyonse a Mwangolera ankaimangira kakhola kakekake ka nsungwi. Timakola tija tinadzaza khitchini, tinatuluka pakhonde, tinazungulira nyumba mpaka kukafika ku nthochi. Zina zinkaboola nsungwi kukamenya zinzake, zina kukachezera zazikazi, ndipo nkhani inkayambiranso. Anafika poziwotchera ndowe zouma madzulo kuti utsi uthamangitse udzudzu, monga amachitira ndi ng'ombe. Zinayi zinafa ndi utsiwo. Anazisenda bwinobwino ndi lezala, nakhomera tizikopa pa thabwa ndi minga, nalemba tsiku kuseri kwa chilichonse.

Ndinkadzuka ndi kulira kwa mbira, n'kugona ndi fungo la mbira. Zikangomva chikwakwa chikunoledwa zonse zinkaimba mluzu kamodzi, mpaka agalu a pamudzi kuuwa. Malaya anga a kusukulu ankanunkha moti ana ankatsina mphuno ndikamadutsa pakati pa mabenchi. Munthu wamkulu, wolemekezeka ku tchalitchi, ankabwera ku ntchito n'kuvula yunifolomu, n'kupita kudambo kukamweta udzu mitolo iwiri tsiku lililonse. Anthu anayamba kuwatchula kuti Mwasimbilisi.

Chaka china atcheyamani a nthambi ya chipani anayenda khomo ndi khomo kutolera mphatso za msonkhano waukulu. Pakhomo ngati pathu, pamene panatuluka munthu womangidwa, sitikanayerekeza kukana. Ine ndinaona mwayi. Ndinati atenge mbira khumi, ngakhale makumi awiri, dengu ndiwabwereka.

"Izo si zathu," anatero a Mwangolera. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi nkhuku yanga yoikira, imene inali ikufungatira mazira asanu ndi atatu, naipereka ndi manja awiri.

Ndinakhala masiku atatu osawayankhula. Iwo sanazindikire n'komwe, poti Kalaliki anali ndi chifuwa.

Za Gordon sitinkamva kanthu. Tinafunsa kamodzi ku boma, munthu wa pa kauntala anatiyang'ana n'kufunsa ngati tikufuna kukamupeza komweko. Sitinafunsenso. Dzina lake sitinkalitchula pa anthu. M'nyumba linkatchulidwa pa nkhani ya mbira pokha: za Gordon zadya kodi, za Gordon zaswa, Gordon adzasangalala ndi yakuda ija.

Mu 1986 a Mwangolera anadwala malungo oopsa, anafooka mpaka kuyenda chogwira khoma. Pakhomo panalibe nkhuku, nsomba zinali zitasowa chifukwa cha mphepo ya mwera. Ndinagwira yamphongo imodzi yonenepa, ndewu yake inali yosaneneka, ndinaipha, kuiwawula, n'kuiphika ndi nthochi. Ndinawauza kuti ndi kalulu amene ndagula kwa alenje. Anadya, anapukuta mbale ndi chala, anathokoza kuti ndagha. Mawa lake anadzikoka ndi ndodo kukayendera makola awo, ndipo sanachedwe kubwerera.

"Anyina Gordon, ya chipsera pamphuno ili kuti?"

Ndinawauza zoona. Ndinati ili m'mimba mwanu, ndipo ndi imene yakuimikani pamenepo.

"Chikopa chake?"

"Mbira yodya sasenda, amawawula. Chikopa munadyera kumodzi."

Anakhala pansi pakhonde ngati wawamenya ndi mtengo. "Sono ndidzamuuza vichi mwini wake?"

Apo ndiye zinandikwana. Zaka zitatu ndinali nditazisunga pakhosi. "Mwini wake ali kuti? Ndiuzeni, inu wodziwa zonse, ali kuti? Mwana wanga anapita chifukwa cha makoswe amenewa, inu mukuwamangira nyumba! Ine ndikuphikira pamvula, ndikununkha ngati chimbudzi, kulira mwana wanga sindingalire, ndipo inu mukundifunsa chikopa?"

Sanakweze mawu. A Mwangolera sankakweza mawu, ndipo n'chimene chinkandipsetsa mtima kwambiri.

"Anati ndimusungire, abwera. Tsiku limene nditi ndiyambe kudya zake, ndiye kuti ndanena kuti sabwera. Imwe mukufuna ndinene zimenezo?"

Ndinapita ku nthochi, ndinakhala kumeneko mpaka ng'ombe za anthu zitabwerako kudambo. Lamlungu lotsatira anagula mbira ina kwa anansi, yofanana mtundu, kuti ilowe m'malo. Inali yaikazi, ndipo inabwera ndi bere.

Chaka chotsatira, mwezi wa Okutobala kukutentha, anafika pakhomo munthu wowonda, wopanda mano akutsogolo. Anati dzina lake ndi Reginald, wa ku Chilumba, anali msodzi asanamangidwe. Anakana mpando, anakhala pa mphasa, maso akungoyang'ana kumsewu. Anati anagona chipinda chimodzi ndi Gordon. Anati Gordon anadwala m'mimba masiku khumi ndi awiri, namwalira mu Febuluwale 1985, ndipo akaidi anzake ndi amene anamukwirira. Anati anamulonjeza Gordon kuti akadzatuluka adzatiuza, ndiye wabwera.

Ine ndinaluma chitenje kuti mawu asatuluke, poti maliro a munthu wotero sankalira mokweza. Ndinawerenga mumtima: mbira ija ndinaipha mwana wanga atagona kale m'dothi chaka ndi miyezi.

A Mwangolera anafunsa ngati pali kalata. Panalibe. Malaya ake, lamba, nsapato, chilichonse? Reginald anapukusa mutu. Manda angawaloze? Anati sangathe, pamalopo anadzalapo chimanga.

A Mwangolera anadzuka, nalowa m'nyumba, natuluka ndi sutikesi yachitsulo imene ndinabwera nayo kuchokera ku Ntchisi. Anaitsekula pamaso pa mlendoyo. Munali tizikopa tokhatokha, toyalidwa bwino, chilichonse ndi tsiku lake. Pamwamba panali choyera cha Bwana, makutu ake ong'ambika aja akuoneka.

"Mwana wanga, ndagha chomene poyenda ulendo wonsewu," anatero. "Sindikuti ukunama. Koma taona. Ine anandisungitsa tinthu iti, ndipo kalikonse kamene kanafa ndili ndi choonetsa. Iwo anatenga munthu wathunthu pakhomo pano, masana, ine ndikuona. Ngati wafa, abwere adzandionetse kanthu."

Anatseka sutikesi, natenga chikwakwa, napita kudambo.

Maliro sanachitike. Abale awo anabwera kudzawanyengerera, abusa anabwera, ine ndinagwada pansi kuwapempha kuti andilole ndimete tsitsi, ndimulire mwana wanga ngati mayi wina aliyense. Anakana. Anati ndikafuna kumeta ndimete, koma iwo sakhala pa mphasa ya maliro opanda umboni. Ndinakwiya nawo zaka zinayi, ndipo sindibisa, masiku ena ndinkawada. Anali munthu wabwino, sanandimenyepo, sanamwe mowa, koma kuuma mutu kwawo kunandilanda ngakhale misozi.

Anamwalira mu 1991, nthawi ya mvula, atagwa ndi mtolo wa udzu pamutu panjira yochokera kudambo. Titaika maliro, alamu anga anandiuza kuti tsopano ndine mfulu, ndiphe mbira zonse anthu adye, ndibwerere m'khitchini mwanga. Ndinati ndamva, mawa. Mawa lake ndinanola mpeni, ndinatsekula khola loyamba, ndinagwira yonenepa. Inandiyang'ana, ikutafuna. Ndinapeza kuti amene anene kuti Gordon sabwera tsopano ndine, ndipo dzanja linakana.

Zazimuna ndinazisiyanitsa ndi zazikazi, zimene ndinkanena kuyambira pachiyambi, ndiye zasiya kuswana. Zikumenyanabe, zikununkhabe, ndipo sindizikonda ngakhale pang'ono. Dzulo yafa ina yakuda. Kusenda sindidziwa bwino, ndaboola chikopa malo awiri, koma ndachikhomera pa thabwa, ndipo tsiku ndalemba.